MWANA AYAMBE NDI BUKU LA MSINKHU WAKE

Mwezi wa Januwale ukafika, mabasi ocokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amatsitsa anthu ambiri pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka. Pakati pa matumba a ufa, nshawa ndi nkhuku zomanga miyendo, pamatsikanso ana amene makolo ao awatumiza kwa amalume kapena kwa azakhali kuti akaphunzire sukulu ya m'tauni. Ena amapita ku Kanyama, ena ku Matero, ena ku Chawama, George, Mtendere kapena Kalingalinga. Kholo lotsala kumudzi limakhala ndi ciyembekezo cimodzi, cakuti mwana akakhala mu Lusaka adzadziwa Cingerezi msanga, pakuti ndico cinenero ca mayeso, ca m'maofesi ndi ca makalata ofunsira nchito.

Pa chuthi mwana uja amabweradi ndi mau angapo a Cingerezi pakamwa, ndipo agogo amakondwa kuti mdzukulu wao wayamba kucangamuka. Koma mukam'patsa kalata ya ku cipatala kapena malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala a thonje kuti awerenge, nthawi zambiri amangoyang'ana pansi. Apa m'pamene makolo amazindikira kuti kulankhula ndi kuwerenga ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Vuto limeneli si la banja limodzi ai. Mu 2017 ana a sukulu a zaka 15 m'Zambia muno analemba mayeso a maiko ambiri ochedwa PISA for Development, ndipo zotsatira zake zinaonetsa kuti ana asanu okha mwa ana 100 ali onse ndiwo anafika pa muyeso woyenera wa kuwerenga ndi kumva zimene awerenga. Zifukwa zake n'zambiri, koma cimodzi cimene makolo angathe kucitapo kanthu ndi ici: ana ambiri amapatsidwa buku la giredi yao, osati buku la msinkhu wa kuwerenga kwao. Masiku ano alipo mabuku aulere a pa intaneti amene anaikidwa m'masitepe, kuyambira ofewa kufikira olimba, ndipo angathe kuwerengedwa pa foni. Nkhani ino ifotokoza kumene nzeru imeneyi inacokera, zimene zinayesedwa mu Lusaka, ndi m'mene banja lingagwiritsire nchito mabukuwa.

Masiku a Mulenga ndi Jelita

Owerenga athu acikulire akumbukira bwino mabuku a Mulenga ndi Jelita. Lamulo la Maphunziro la 1966 linakhazikitsa Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, motero mwana wa ku Chadiza kapena wa ku Matero ankayamba kuphunzira kuwerenga m'cinenero cimene sanali kucimva. Ena anapyola ndithu, ndipo lero ndi madokotala ndi aphunzitsi. Koma ambiri ankangoloweza masamba a buku pamtima ndi kuwaimba pamodzi ndi kalasi yonse, osadziwa kuti liu liri lonse liri pati.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Dr Eddie Williams wa ku Britain anayesa ana a ku pulaimale m'Zambia ndi m'Malawi. Ana a ku Malawi ankaphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, pamene athu ankaphunzira m'Cingerezi kuyambira tsiku loyamba. Anthu ambiri anayembekeza kuti ana a m'Zambia adzapambana kutali pa Cingerezi, koma sizinatero. Pa Cingerezi magulu awiriwa anali pafupi-fupi cimodzi-modzi, koma pa kuwerenga cinenero ca kwao ana a ku Malawi anawasiya athu kumbuyo.

Zotere zinathandiza kuti Boma lisinthe njira. Cikalata ca Educating Our Future ca 1996 cinalola kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero ca m'dera lake, ndipo mu 1999 munayambika Primary Reading Programme, m'mene ana a Giredi 1 ankaphunzira kuwerenga m'cimodzi ca zinenero zisanu ndi ziwiri za m'sukulu, nalowa kuwerenga Cingerezi mu Giredi 2. Kuyambira 2014 zinenero za m'Zambia zinakhala zophunzitsira kufikira Giredi 4, ndipo mu Lusaka ndi ku cigawo ca kum'mawa cinenero cake cinali Cinyanja. Ndondomeko yatsopano ya 2023, imene inayamba kulowa m'masukulu mu 2025, inabwezera Cingerezi pa malo a cinenero cophunzitsira kuyambira m'makalasi apansi, ndipo zinenero zathu zimathandizira kufotokoza zimene mwana sanamve.

Malamulo asintha kangapo, koma cinthu cimodzi sicinasinthe: mwana sangakwere mtengo kuyambira ku nsonga. Kaya aphunzira m'Cinyanja kaya m'Cingerezi, ayenera kuyamba ndi zimene angathe.

Giredi si msinkhu wa kuwerenga

Mu Januwale 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira m'makalasi a ana ang'ono kufikira ku sekondale, ndipo caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana ambiri amene anali kungokhala kunyumba anabwerera ku sukulu, cimene ciri cabwino kwambiri. Koma m'makomboni a Lusaka, kumene anthu ali othithikana, makalasi anadzaza. Dera la Kanyama lokha linapezeka ndi anthu oposa theka la miliyoni pa kalembera wa 2022. M'kalasi yodzaza, mphunzitsi mmodzi amakhala ndi ana amene awerenga nkhani yathunthu, ena amene awerenga mau ocepa cabe, ndi ena amene sadziwa n'komwe zilembo, koma onsewo apatsidwa buku limodzi. Wodziwa amatopa ndi kudikira, ndipo wotsalira amacita manyazi nakhala cete kumbuyo.

Anthu a ku cigawo ca kum'mawa aidziwa kale njira yocepetsera vutoli. Mu 2016 Unduna wa Maphunziro unayamba kuyesa nchito ya Catch Up m'masukulu 80 a m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, potengera nzeru ya bungwe la Pratham la ku India. Mphunzitsi amayesa mwana ali yense payekha, kenaka amagawa ana a Giredi 3, 4 ndi 5 m'magulu monga mwa zimene adziwa: oyamba kumene, odziwa zilembo, owerenga mau, owerenga ndime, ndi owerenga nkhani. Mwana akakhoza amakwera gulu lina. Pambuyo pake nchitoyi inafalikira m'masukulu ambiri a kum'mawa ndi kum'mwera, ndi m'zigawo zinanso.

Mabuku a masitepe amatsata nzeru yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana angathe kupitiriza nao kunyumba, usiku kapena pa chuthi.

Mabuku alowa m'foni

Malo oyamba amene makolo ayenera kuwadziwa ndi African Storybook, nchito imene bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula mu 2014. Kumeneku kuli timabuku ta zithunzi tambiri-mbiri, tolembedwa ndi anthu a mu Africa, m'Cingerezi ndi m'zinenero zambiri za mu Africa, Cinyanja ndi Cicewa ziri momwemo. Nkhani zake n'za zinthu zimene mwana wathu adziwa: mbuzi, msika, agogo, minibasi, mvula ndi kalulu.

Timabukuti anatigawa m'masitepe asanu, ndipo pa kabuku kali konse pamalembedwa Level ndi nambala yake. Pa Level 1 tsamba limakhala ndi cithunzi cacikulu ndi mau ocepa kapena ciganizo cimodzi cacifupi. Pa Level 2 pali ziganizo ziwiri kapena zitatu. Pa Level 3 mwana amakumana ndi ndime zifupi-zifupi, pa Level 4 ndime zotalikirapo, ndipo Level 5 ndi nkhani zazitali zimene wamkulu angawerengere ana mokweza, kapena zimene mwana wozolowera angawerenge yekha.

Aliponso malo ena otere. StoryWeaver, imene inayambitsidwa ndi Pratham Books ku India mu 2015, nayonso imaika mabuku ake m'masitepe, ndipo iri ndi mabuku ambiri a Cingerezi onena za nyama, sayansi ndi masamu. Global Digital Library inatsegulidwa mu 2018 ndi thandizo la dziko la Norway. Koma dziwani kuti masitepe a malo amodzi salingana kweni-kweni ndi a malo ena. Buku la Level 2 kuno lingathe kukhala lolimba kuposa la Level 2 kwina, cotero nambala ingokutsogolerani, koma woweruza weni-weni ndi mwana mwini.

Mabuku amenewa salipiritsa. Ndalama imene imapita ndi ya bandulo yokha. Eni ake analola kuti munthu awakopere m'foni, awasindikize pa pepala, ngakhale kuwamasulira m'cinenero cina popanda kulipira. African Storybook iri ndi pulogalamu yake ya pa foni imene imasunga mabuku amene mwakopera, kotero kuti mwana angawawerenge bandulo itatha.

Zimene zinayesedwa mu Lusaka

Ena angafunse kuti, kodi foni ingaphunzitsedi mwana kuwerenga? Funso limeneli linayesedwa mu Lusaka momwemo. Akatswiri a pa University of Zambia, pafupi ndi Kalingalinga, anagwirizana ndi anzao a pa University of Jyväskylä ku Finland kuyesa sewero la pa foni lochedwa GraphoGame, limene linakonzedwa m'Cinyanja. Mwana amavala zomvera m'makutu, amamva liu, ndipo amasankha cilembo cake. Akakhoza, sewero limam'patsa zolimbirapo, akalakwa, limam'bwereza. Anayesa ana 573 a Giredi 1 m'masukulu a Boma 42 a mu Lusaka, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2014 ndi Jacqueline Jere-Folotiya ndi anzake. Anapeza kuti seweroli linathandiza ana, ndipo linathandiza koposa pamene mwana ndi mphunzitsi wake onse awiri analigwiritsa nchito. Phunziro lake n'loonekeratu: makina amathandiza kwambiri pamene pali munthu wamkulu pambali pa mwana.

Bungwe la Lubuto nalonso linayesa njira yake. Mu 2007 linatsegula laibulale yake yoyamba pa Fountain of Hope ku Kamwala, ya ana ovutika ndi a m'miseu, yomangidwa mozungulira ndi denga la udzu monga nyumba za kumudzi. Yaciwiri inatsegulidwa mu 2010 pa sukulu ya Ngwerere mu komboni ya Garden. Aphunzitsi a m'Zambia pamodzi ndi acinyamata a m'malaibulale amenewa anapanga maphunziro 700 a kuwerenga a pa kompyuta, 100 m'cinenero ciri conse ca zinenero zisanu ndi ziwiri, oyambira pa zilembo ndi kumakwera pang'ono-pang'ono. Izi zinaonetsa kuti zipangizo zotere siziyenera kucokera kunja nthawi zonse. Ana a m'komboni angathe kuzipanga.

Kufunika kwa mabuku a kunyumba kunaoneka poyera m'zaka zapitazi. Pa 20 Marichi 2020 masukulu anatsekedwa cifukwa ca matenda a Covid-19, ndipo makalasi osalemba mayeso anabwerera mu Seputembala. Mu 2024 kolera inavuta kwambiri m'makomboni monga Kanyama ndi Matero, kotero kuti masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Mwana amene anali atangoyamba kugwira zilembo, ndipo kunyumba kunalibe coti awerenge, anabwerera ku sukulu ataiwala zambiri.

Kupeza sitepe ya mwana

Coyamba, musafunse kuti mwana ali mu giredi yanji, muyeseni. Tsegulani kabuku ka Level 2, mumuuze awerenge tsamba limodzi kapena awiri mokweza, ndipo liu liri lonse limene lam'kanika apinde cala cimodzi. Ngati sanapinde cala, kapena wapinda cimodzi cokha, bukulo n'lofewa, ndipo angaliwerenge yekha mosangalala. Akapinda ziwiri kapena zitatu, ndiye buku la msinkhu wake, loti awerenge ndi womuthandiza. Zala zonse zisanu zikatha tsamba lisanathe, tsikani sitepe imodzi. Palibe manyazi kuti mwana wa Giredi 6 ayambire pa Level 1. Manyazi eni-eni ndi kufika pa mayeso osadziwa kuwerenga funso.

Caciwiri, ngati mwana sadziwa kuwerenga m'cinenero ciri conse, yambani ndi Cinyanja. Cinyanja cimalembedwa monga momwe cimamvekera. Mwana akadziwa a, e, i, o, u, ndi kuphatikiza ba, be, bi, bo, bu, angathe kuwerenga pafupi-fupi liu liri lonse. Cingerezi sicitero. Ciri ndi zilembo 26 koma mamvekedwe ake ndi oposa 40, ndipo cilembo a cimamveka mosiyana m'mau akuti cat, cake ndi call. Mwana amene wagwira kale cinsinsi cakuti zilembo zimaimira mamvekedwe amalowa m'Cingerezi ali ndi poyambira.

Cacitatu, gwiritsani nchito nkhani imodzi m'zinenero ziwiri. Nkhani zambiri za pa African Storybook zimapezeka m'Cinyanja ndi m'Cingerezi, zithunzi zake zomwezo. Lero awerenge ya Cinyanja, mawa ya Cingerezi. Popeza nkhani aidziwa kale, mau acilendo samuopsa, ndipo amawagwira msanga.

Cacinai, funsani mafunso. Alipo ana amene amachula mau a Cingerezi bwino lomwe monga cinkhwe, koma osamva kanthu. Akatha kuwerenga, muuzeni afotokoze m'Cinyanja: ndani anali m'nkhaniyi, cinacitika n'ciani, nanga cifukwa ninji? Apa ngakhale agogo amene sanapiteko ku sukulu ali ndi nchito yaikulu, pakuti kumvetsera nthano ndi kufunsa za iyo sikufuna satifiketi.

Cacisanu, musathamangire kukweza mwana. Awerenge timabuku tambiri pa sitepe imodzi, ndipo kabuku kamene wakakonda akabwereze kawiri kapena katatu kufikira mau atayamba kutuluka osakakamira. Mphindi 15 kapena 20 tsiku liri lonse ziposa maola atatu a tsiku limodzi pa mwezi. Akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Komanso masitepe asakhale ndende: mwana akafuna buku lolimba cifukwa liri ndi mkango kapena ndege, muwerengereni inu kapena mkulu wake, iye azimvetsera.

Zovuta ziripo

Sitinganame kuti zonse n'zosalala. M'mabanja ambiri a m'komboni foni ya intaneti ndi imodzi, ndipo imacoka m'mamawa ndi atate opita ku nchito kapena amai okagulitsa ku msika wa Soweto, n'kubwera usiku batire itatha. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo nyumba zambiri mu Lusaka zinkakhala opanda malaiti maola oposa 20 pa tsiku. Pa cifukwa ici n'kwanzeru kukopera mabuku ambiri nthawi imodzi pamene bandulo ndi moto ziripo. Mabanja oyandikana, kapena gulu la amai a cilimba kapena a ku chalichi, angasonkhe ndalama ndi kusindikiza timabuku khumi kapena makumi awiri pa sitolo ya makompyuta, n'kumabwerekana. Ku Kanyama ndi ku Chawama, kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, timabukuto tisungidwe m'pulasitiki pamalo okwera.

Cina n'cakuti foni iri ndi zokopa zambiri. Mwana wosiyidwa yekha sacedwa kusiya buku ndi kuyamba kuonera mavidiyo, ndipo ena amafika pa zinthu zosayenera ana kapena pa juga. Tsekani intaneti musanam'patse foni, ndipo aziwerengera pamene inu muli, osati kuseri kwa nyumba.

Cacitatu ndi cinenero ceni-ceni. Cinyanja ca mu Lusaka cimasiyana ndi ca m'mabuku. Mwana wobadwira ku George kapena ku Mtendere amati manzi, manje ndi kukamba, pamene buku likuti madzi, tsopano ndi kulankhula. Mabuku ena a pa intaneti analembedwa m'kalembedwe ka ku Malawi, kamene kamaika ch pamene ife timalemba c. Izi zisakukhumudwitseni, koma mwana afunika wina womuuza tanthauzo la mau otere. Pamenepa mwana wocokera kumudzi ali ndi mwai woposa anzake a m'tauni, pakuti Cinyanja ca m'buku ndico anayamwa. Makolo asacipeputse.

Tikumbukirenso kuti mabuku a pa foni salowa m'malo mwa mphunzitsi. Kholo kapena womusunga mwana apite ku sukulu kamodzi pa temu, akafunse aphunzitsi kuti mwana ali pati pa kuwerenga, ndipo awaonetse zimene ali kuwerenga kunyumba, kuti sukulu ndi banja zikokere kumodzi.

Kwa inu a kumudzi

Nkhani iyi yanena zambiri za Lusaka, koma mabuku amenewa sasankha malo. Foni ya ku Nyimba kapena ya ku Vubwi imawatsegula monga momwe imacitira ya ku Matero. M'midzi yambiri muli aphunzitsi, alangizi a zaulimi kapena anamwino amene ali ndi mafoni a intaneti, ndipo nyumba zambiri ziri ndi sola yochajira. Wacibale wa m'tauni angathe kukopera timabuku ndi kutitumiza pa WhatsApp, kapena kutisindikiza ndi kutipatsira munthu wobwera pa basi, pamodzi ndi shuga ndi sopo. Motero si nthawi zonse pamene mwana ayenera kucoka pa maso a amai ake kuti akadziwe Cingerezi.

Ndipo inu amene munatumiza kale mwana ku Lusaka, nchito yanu sinathere pa siteshoni ya basi. Mukaimba foni pa Sabata, musangofunsa ngati wadya ndi ngati nsapato zikali zabwino. Pemphani amalume ake kapena azakhali ake kuti am'patse tsamba limodzi akuwerengereni inu muli kumva, kenaka akufotokozereni m'Cinyanja zimene wawerenga. Funsani kuti ali pa sitepe iti, ndipo pakapita miyezi itatu mufunsenso. Ngati wakwera, muyamikireni. Ngati akali pomwepo, kambiranani ndi omusunga ndi aphunzitsi ake caka cisanathe, pakuti m'mera m'poyamba.